Madzi osayenera kuima

M'chaka cha 1846 mayi Anna Thynne a ku London anatola timakorali tamoyo m'mphepete mwa nyanja ku Torquay, kum'mwera kwa England, n'kupita nato kwawo. Amuna awo anali mmodzi wa akuluakulu a tchalitchi cha Westminster Abbey, choncho ndalama zoitanitsira madzi amchere kuchokera kugombe sizinali vuto. Vuto linali lakuti madzi akangokhala phee m'mbale, mpweya umatha ndipo zamoyo zija zimafooka. Njira imene anapeza inali yakuti tsiku ndi tsiku mtsikana wawo wantchito aziima pawindo lotsekula n'kumatsanulira madziwo m'chotengera china, kubweza, kutsanuliranso, monga timachitira popoza tiyi wa mwana, kwa theka la ola kapena kuposerapo. Makoraliwo anakhala ndi moyo pafupifupi zaka zitatu, kutali ndi nyanja.

Mabuku amatama mayi Thynne, ndipo n'zowayenera. Koma ine mtima wanga uli pa mtsikanayo, chifukwa ntchito yakeyo ndi imene ndimadyera. Ndine pulambala. Ndinakulira ku Salima, ndipo kuno ku Durban ndimaika mapaipi a matanki agalasi amene anthu amasungiramo makorali ndi nsomba za m'nyanja yamchere m'nyumba zawo. Alendo amagoma ndi galasi ndi nyali zabuluu. Ine ndimakhala chogwada m'kabati ya pansi pake, kumene pampu imachita zimene manja a mtsikana uja ankachita.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Korali ndi nyama, ngakhale amaoneka ngati mwala kapena duwa, koma ndi nyama yosayenda. Chakudya chiyenera kumupeza pomwe ali, ndipo zonyansa zake ziyenera kuchotsedwa ndi madzi oyenda. Mbuna za kwathu, zimene ndimazipeza zikugulitsidwa m'masitolo a kuno, zimatha kuthawira mbali ina ya thanki pamene madzi ali bwinoko. Korali alibe kothawira.

A ku England anachedwa kuvomereza kuti madzi ayenera kuyenda. Msonkho wa galasi utachotsedwa mu 1845, galasi linatchipa. Mu 1853 malo osungira nyama a London Zoo anatsekula nyumba ya nsomba, ndipo chaka chotsatira Philip Henry Gosse anatulutsa buku lake lotchedwa The Aquarium. Anthu anatengeka. Nyumba iliyonse ya opeza bwino inafuna kachigawo ka nyanja pabalaza. Chiphunzitso chimene chinalipo, chochokera kwa katswiri wa mankhwala Robert Warington, chinali chakuti ukaika zomera ndi nyama pamlingo woyenera, zomera zipereka mpweya, nyama zipereka manyowa, ndipo madzi sufunika kuwakhudza. M'kathanki kokhala ndi zamoyo zochepa zinkatheka ndithu. M'nyumba zambiri zinthu zinkafa, eni ake n'kutumanso anthu kugombe kukatola zina. Mwana wa Gosse, Edmund, anadzalemba mu 1907 modandaula kuti timaiwe ta m'miyala ya kugombe, timene ankayendamo ndi bambo ake ali mwana, tinali titakokoledwa ndi otola.

Munthu amene ndimamuona ngati kholo la ntchito yathu ndi William Alford Lloyd. Poyamba ankagwira ntchito m'sitolo ya mabuku, kenako anatsekula yake yogulitsa matanki, zamoyo za m'nyanja ndi madzi amchere. Iyeyu anafika pokhulupirira kuti chinsinsi chili m'kuyendetsa madzi. Pa malo oonetsera nsomba a ku Crystal Palace, amene anatsekulidwa mu 1871, madzi ochuluka ankakhala m'zitsime zamdima pansi pa nyumbayo, ndipo injini za nthunzi zinkawakweza usana ndi usiku kupita m'matanki, iwo n'kusefukira kubwerera pansi. Mdimawo unkaletsa ndere kumera. Mapaipi ake anali a labala wolimbitsidwa, chifukwa Lloyd anadziwa kuti madzi amchere amadya chitsulo, ndipo chitsulocho chikasungunukiramo chimapha zamoyo. Aliyense amene waonapo kabati ya thanki ya masiku ano azindikira chithunzichi: thanki yaing'ono yobisika pansi, imene timaitcha sampu, pampu yokweza madzi, ndi paipi yowabwezera pansi. Tinangochepetsa zimene iye anamanga kuti zikwane m'kabati.

Kuchepetsako kunatenga zaka pafupifupi 90, ndipo chotchinga chachikulu chinali chitsulo chomwecho. Matanki a m'nyumba ankamangidwa ndi felemu yachitsulo, imene inkachita dzimbiri ikangolawa mchere. M'zaka za m'ma 1960 kunabwera silikoni womata galasi ku galasi popanda felemu, mapaipi apulasitiki anafala, ndipo mchere wosakaniza kale, monga Instant Ocean, unayamba kugulitsidwa m'mapaketi. Mpaka lero lamulo loyamba limene ndimauza mnyamata aliyense wondithandiza n'lakuti kopa kapena bulasi zisayandikire madziwa. Mpopi umene ndingaike m'bafa mosaganiza kawiri ukhoza kupha thanki yonse ya makorali.

Mu 1961 Lee Chin Eng wa ku Jakarta anafotokoza m'magazini ina ya ku America njira yake: miyala yotengedwa m'nyanja ili ndi zamoyo zake zonse, kuwala kwa dzuwa, ndi thovu la mpweya loyendetsa madzi. Panalibe sefa. Ambiri sanamukhulupirire, ndipo amene anayesa ku mayiko ozizira kawirikawiri ankalephera. Koma anali atalondola. Tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'mabowo a miyala ija ndi timene timaphwanya zonyansa za nsomba, ndipo korali amafuna kuwala chifukwa m'thupi mwake mumakhala ndere zing'onozing'ono zimene zimamupangira chakudya. A ku Germany, makamaka Peter Wilkens ndi gulu la osunga nsomba la ku Berlin, anatenga miyala yamoyoyo m'zaka za m'ma 1970 n'kuwonjezera nyali zamphamvu, madzi a laimu obwezera kashiyamu amene korali amamangira mafupa ake, ndi sikima, chida chimene chimapanga thovu lonyamula litsiro n'kulitayira m'kapu. Ku Berlin komweko, m'zaka za m'ma 1980, korali wa mtundu wa Acropora anakula m'thanki ya Dietrich Stüber, mtundu umene anthu ankati sungakhale m'nyumba. Tizidutswa take tinagawidwa kwa anzake, iwonso n'kugawira ena. Mwambo wogawana tizidutswawu ndimaukonda kwambiri, chifukwa korali aliyense wokulira m'thanki ya mnzako ndi korali amene sanathyoledwe m'nyanja.

Zimene zatsalira ife apulambala n'zazing'ono koma sizikhululuka. Madzi amchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere pa lita, ndipo akamauma mchere umatsala, choncho obwezeramo ayenera kukhala opanda mchere, osefedwa bwino. Thanki ya malita 400 imalemera kuposa makilogalamu 400 usanaikemo mwala ndi umodzi womwe, ndiye ndimayamba ndaona pansi pa nyumba. Paipi yotsitsa madzi ndimaika ziwiri, kuti nkhono ikatseka imodzi inayo ilandire. Polumikiza pampu pamafunika majoini omasula ndi manja, chifukwa tsiku lina idzafuna kutsukidwa.

Ndipo ndisanachoke panyumba ya munthu, thanki itadzaza ndi madzi wamba oyesera, ndimamuitana mwiniwake kuti aime pambali panga, kenako ndimathimitsa magetsi. Pampu ikaima, paipi yokweza madzi imasanduka yokoka, ndipo madzi a pamwamba amayamba kutsikira m'sampu. Ngati kamwa ya paipiyo ili pafupi ndi pamwamba pa madzi, imakoka mpweya msanga ndipo kutsikako kumaleka sampu isanadzaze. Pamene madzi aimira ndimalembapo mzere. Kuno magetsi amatha kuthima, choncho ndimamulimbikitsanso kugula batire yoyendetsa kapampu kamodzi ka m'thanki. Makorali amapirira mdima masiku angapo, koma madzi akaima kwa maola ochepa chabe, mpweya umayamba kutha.