Nyuzi yomwe inabala maesiteti a fodya

Munthu akatsika minibasi pa Lisasadzi n'kufunsa akuluakulu za "Press", samuuza za nyuzipepala ayi. Amuuza za maesiteti a General Farming ndi Press Farming, za mabani otentha usiku wonse pofuna kuti fodya wa fuluu apse bwino, ndiponso za akapitawo aukali. Komatu dzinali silinachokere kumunda. Linachokera ku makina osindikizira nyuzi ya Malawi News.

Nyuziyi inabadwa mu 1959, chaka cha chipwirikiti. Boma la atsamunda linali litaletsa chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo Dr Kamuzu Banda, mwana wa ku Kasungu konkuno, anali m'ndende ku Gwelo. Mnyamata wina wa zaka 20 wotchedwa Aleke Banda, yemwe anali atangopirikitsidwa ku Southern Rhodesia, anathandizana ndi Orton Chirwa kukhazikitsa Malawi Congress Party, ndipo anayambitsa kanyuzi koti kazilankhulira chipanicho. Nthawi imeneyo nyuzi yaikulu inali Nyasaland Times, mdzukulu wa Central African Planter ya mu 1895, yomwe inkayimbira nyimbo azungu a minda ya tiyi ndi fodya. Malawi News inabwera kudzatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mosapsatira mawu, ndipo odziwa kuwerenga ankawerengera anzawo.

Kampani yosindikiza nyuziyi, Malawi Press, ndiyo inakula n'kukhala Press Holdings. Pafupifupi masheya onse anali a Kamuzu, ndipo Aleke ndiye ankayendetsa. Inalowa m'masitolo, m'mabanki ndi m'minda, makamaka ya fodya kuno ku Kasungu. Pamene maesitetiwo ankalima bale ndi fuluu, mlimi wamba sankaloledwa kulima bale m'munda mwake kufikira 1990. Amene ankafuna kulawako ndalama ya fodyayo ankapita kukakhala tenanti. Nkhani ngati imeneyo ikanakoma patsamba loyamba, koma mkonzi uti akanayerekeza kulemba zoipa za munda wa mwini nyuzi? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Kamuzu anatenganso kampani yosindikiza Times, choncho Daily Times (yomwe kale inali Nyasaland Times) ndi Malawi News zonse zinagona m'khola limodzi. Kumudzi boma linkatumiza Boma Lathu, nyuzi ya m'Chichewa yodzaza ndi chitukuko ndi zithunzi za Kamuzu akuyendera mbewu. Tisabise, ambiri ankailandira ndi manja awiri chifukwa pepala lake linkapichira bwino chingambwe.

Naye Aleke chinamutembenukira. Anamangidwa mu 1980 ndipo anakhala zaka 12 osazengedwa mlandu. Atatuluka mu 1992, chaka chomwe maepiskopi a Katolika analemba kalata yodzudzula boma, anabwerera kuntchito yake yakale ya nyuzi. Referendamu ya zipani zambiri itachitika pa 14 June 1993, mwezi wotsatira anayambitsa The Nation. Nyuzi zinamera ngati bowa m'zaka zimenezo, zambiri zili ndi wandale kumbuyo, ndipo zochuluka zinafota chisankho cha 1994 chitangodutsa.

Masiku ano chingwe chomangira nyuzi ndi ndalama za malonda. Mu 2010, m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, maofesi a boma anasiya kulengeza malonda awo mu The Nation chifukwa cha nkhani zodzudzula, ndipo lamulo lopatsa nduna mphamvu yoletsa nyuzi linakhalapo mpaka linachotsedwa mu 2012.

Chichewa chinatsalira m'masamba apakati: Tikambe mu Malawi News, Tamvani mu Weekend Nation, kuphatikizapo nyuzi yapayokha ya Fuko, yogawidwa mwaulere. Mlimi wa pa Lisasadzi akafuna kudziwa mmene fodya wayendera ku okushoni ya Chinkhoma amatsegula wailesi kapena kuyimbira foni mnzake amene waperekeza mabelo.