Kapepala ka Ambuya

Ambuya atamwalira ku Chanyanya, tinapeza kapepala kofiirira m'chitini chomwe ankasungamo reji yawo. Kanali risiti ya money order ya mu 1992. Amayi atakaona anaseka, kenako anandikhazika pansi.

Achinyamata anzanga, kale ndalama sizinkayenda pa foni. Munthu ankapita ku positi, kupereka ndalama ndi komishoni pa kauntala, n'kulembetsa dzina la wolandira. Wolandirayo ankasaina potenga ndalamazo ku positi ya kwawo. Wotumiza ankatsala ndi risiti basi. Nthawi imeneyo positi ndi matelefoni zinali pansi pa kampani imodzi ya boma, PTC, yomwe inagawidwa mu 1994 kukhala Zampost ndi Zamtel.

Ambuya anali ndi bwato pa mtsinje wa Kafue. Chaka chimenecho anapita ku positi ya m'tauni ya Kafue n'kutumiza ndalama za maukonde asanu ku sitolo ina ya ku Lusaka. Mwezi unatha, maukonde osabwera. Atapitako okha, mwini sitolo anati ndalama sizinafike. Ambuya sankadziwa kuwerenga, koma kapepala anali nako m'mpango. Anabwerera ku positi, kalaliki n'kuyamba kufufuza. Patapita milungu ingapo yankho linabwera: ndalama zinatengedwa kale, ndipo amene anasaina ndi wa m'sitolo momwemo.

Anapambana mlandu, koma maukonde asanu sanawaone. M'zaka za 1992 ndi 1993 mitengo ya zinthu mu Zambia inkakwera kuposa kawiri pa chaka. Mwini sitolo anavomera kuti ndalama analandira, koma anati mtengo wasintha. Ambuya anabwera ndi maukonde atatu, ndipo amalume anakhala temu yonse osapita ku sukulu.

Lero tili ndi Airtel Money ndi MTN MoMo, ndalama zimafika usanachoke pa buthu. Kuyambira 2010 kulinso lamulo loteteza ogula, ndipo CCPC imalandira madandaulo. Koma mawu akuti “sizinafike” sanafe. Ndinawamva ndekha chaka chatha nditalipira foni kwa wogulitsa wina wa pa Facebook. Meseji ya malipiro ndinali nditaifufuta kuti ndipeze malo a zithunzi.

Ambuya anasunga umboni wawo zaka zonsezi. Ine wopita ku sukulu, wanga sunathe sabata.