Miyezi Inayi ndi Masiku Khumi: Kugunda kwa Mwana M'mimba M'mabuku a Fiqh

Qatada, wophunzira wa ku Basra, adafunsapo Sa'id ibn al-Musayyib, mmodzi mwa akatswiri asanu ndi awiri a Fiqh a ku Madina, za edda ya mkazi wamasiye. Surah Al-Baqarah, ndime 234, idaika miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo Qatada adafuna kudziwa kuti masiku khumi apamwambawo ngachiyani. Sa'id adayankha kuti m'masiku amenewo ndi momwe mzimu umauziridwa mwa mwana. Al-Tabari adasunga yankholi m'Tafsir yake. Ibn Kathir, yemwe adamwalira mu 774 H, adadzalifotokoza mowerengera: mwezi wa Chisilamu nthawi zina umathera pa masiku 29, choncho miyezi inayi kawirikawiri siikwana masiku 120. Masiku khumiwo amakwaniritsa kuperewerako, ndiponso amapereka mpata woti ngati mkaziyo ali woyembekezera, mwana ayambe kumveka akugunda.

Chiwerengero cha 120 chikuchokera mu Hadisi ya Abdullah ibn Mas'ud (Allah asangalale naye), yomwe ili mwa Bukhari ndi Muslim, ndipo ophunzira athu ambiri adailoweza ngati Hadisi yachinayi mu Arba'in ya Imam al-Nawawi. Mtumiki (Madalitso ndi Mtendere zipite kwa iye) adatchulamo magawo atatu, la dontho, la magazi oundana ndi la kanyama, ndipo ma Ulama ambiri adamva kuti gawo lililonse limatenga masiku 40, kenako mngelo amatumizidwa kudzauzira mzimu. Mwa Muslim mulinso Hadisi ya Hudhayfa ibn Asid yonena za mngelo wobwera patatha usiku 42 kudzaumba makutu, maso, khungu ndi mafupa. Koma Hadisi yachiwiriyi siitchula za kuuzira mzimu, n'chifukwa chake al-Nawawi, pofotokoza Sahih Muslim, adati ma Ulama adagwirizana kuti mzimu suuziridwa miyezi inayi isanathe.

Wina angaganize kuti popeza kugunda kumamveka chapafupi ndi nthawi imeneyi, oweruza adakutenga ngati umboni. Mabuku amilandu sakuonetsa choncho. Chiweruzo cha kuononga mimba chidayambira pa akazi awiri a fuko la Hudhayl, pamene wina adagenda mnzake ndi mwala. Mtumiki adalamula kuti pa mwanayo paperekedwe dipo lotchedwa ghurra, kapolo wamwamuna kapena wamkazi, lomwe ma Ulama adadzaliyerekeza ndi ngamira zisanu. Umar ibn al-Khattab atafunsa maswahaba za nkhani yotereyi, al-Mughira ibn Shu'ba adanena zomwe adaona, ndipo Muhammad ibn Maslama adamuikira umboni. Tsono funso lidabwera pambuyo pake: nanga mkazi amene amamva kugunda, nkumenyedwa, kugundako nkusiya koma osatuluka kanthu? Ibn Qudama, yemwe adamwalira mu 620 H, adalemba mu al-Mughni kuti palibe ghurra, ndipo adatchula Malik ndi al-Shafi'i kuti ali pa maganizo omwewo. Chifukwa chake nchakuti chomwe chimayendayenda m'mimbamo chikhoza kukhala mpweya chabe. Al-Zuhri ndiye adanenedwa kuti adaona mosiyana.

Chiweruzo ichi chimamveka chouma kwa mayi amene akudziwa zomwe ankamva m'thupi mwake, ndipo sindiona chifukwa chobisira zimenezo. Komabe tiyenera kukumbukira kuti woweruza amafunsidwa kuti alande chuma cha munthu, ndipo chuma cha munthu sichilandidwa pa chikaiko. M'nthawi yopanda makina oonera m'mimba, chotsimikizika chidali chokhacho chomwe azamba adachiona ndi maso.

Pa nkhani ya janaza kusiyana kudali kwakukulu. Imam Ahmad adatsatira masiku: mtayo wokwana miyezi inayi usambitsidwe ndi kuswaliridwa, chifukwa udali kale ndi mzimu. Imam Malik adafuna kuti mwana alire atabadwa. A Shafi'i, omwe Asilamu ambiri kuno ku Malawi timawatsatira, adati ngati mwana walira kapena waonetsa chizindikiro cha moyo atatuluka, aswaliridwe. Ngati sadaonetse koma miyezi inayi idakwana ndipo adaumbika, asambitsidwe, avekedwe sanda ndi kuikidwa m'manda, koma maganizo amphamvu m'Minhaj ya al-Nawawi ndi akuti asaswaliridwe. Zindikirani kuti kutakataka komwe akukuwerengera apa ndi kwa kunja kwa mimba, pamaso pa mboni.

Ku England zinthu zidayenda njira ina. Kumeneko kugunda komwe mayi wamva ndiko kudali malire m'malamulo. Lamulo la 1803 lidaika chilango cha imfa pa kuchotsa mimba yomwe idayamba kugunda, ndi chilango chocheperako pa yomwe siidayambe, kufikira mu 1837 pamene malirewo adachotsedwa. Ma Ulama athu sadafunike kuchotsa kalikonse, popeza iwo adamanga pa masiku.

Mu 1958 Ian Donald wa ku Glasgow adafalitsa zotsatira za kuunika m'mimba ndi makina ogwiritsa ntchito mafunde a phokoso. Makinawo atapita patsogolo, adaonetsa kuti mwana amayamba kutakataka pa masabata 7 kapena 8, mayi asanamve kalikonse. Ophunzira ena amasokonezeka nazo, nkumafunsa kuti kodi chopanda mzimu chingatakatake bwanji. Funsoli ndi lakale kuposa makinawo. Ibn al-Qayyim, yemwe adamwalira mu 751 H, adalifunsa yekha mu al-Tibyan fi Aqsam al-Qur'an, nayankha kuti mzimu usanauziridwe mwana amakhala ndi kuyenda kwa kukula ndi kudya, monga mmera, ndipo mzimu ukauziridwa kumaonjezereka kumva ndi kuyenda kwa chifuniro. Bungwe la Fiqh la Rabita litakumana ku Makka mu 1990 kukambirana za mwana wopezeka ndi chilema chachikulu m'mimba, lidasunga malire omwewo a masiku 120: akadutsa, mimba siichotsedwa pokhapokha moyo wa mayi uli pangozi.

Aphunzitsi anzanga, inu amene amayi amakufunsani zimenezi pa madrasa, pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Amayi samva kugunda nthawi yofanana. Ambiri amakumva pakati pa sabata 16 ndi 24, ndipo wa mimba yoyamba amachedwerapo. Choncho musauze mayi kuti mwana wake alibe mzimu chifukwa sadayambe kumumva. Ndipo amene amamva kale koma kugunda kwachepa kapena kwasiya, apite kuchipatala tsiku lomwelo, dua apange ali panjira.

Chachiwiri ndi kawerengedwe. Masabata olembedwa m'buku la kusikelo amayambira pa tsiku loyamba la kumwezi komaliza, pamene masiku a mu Hadisi amayambira pa kukhazikika kwa dontho, pafupifupi masabata awiri pambuyo pake. Masiku 120 a Fiqh amagwera cha m'ma sabata 19 a kuchipatala. Mimba ikapita padera buku likusonyeza masabata 17, miyezi inayi ya Fiqh imakhala isanakwane. Likasonyeza 20, yadutsa, ndipo mwanayo asambitsidwe, avekedwe sanda, aikidwe m'manda a Asilamu.