Anthu a Pakhonde ndi Nyanja ya Chilwa

Powerenga Machitidwe a Atumwi, mutu 17, tipeza kuti Paulo ali ku Athens anatsutsana ndi anthu anzeru otchedwa Astoiki. Ambiri a ife tingopitirira dzinali osafunsa kuti anali ayani. Koma chiphunzitso chao chiri ndi mau kwa ife okhala m'mbali mwa Chilwa, ndipo tiyesa nkwabwino kuchifotokoza.

Woyamba wao anali Zeno, wamalonda wa ku chisumbu cha Cyprus. Akale asimba kuti chombo chake chinasweka panyanja, katundu wake yense namira. Iye anatsala ku Athens, naphunzira kwa anzeru a komweko. Ndipo zaka ngati 300 Kristu asanabadwe anayamba kuphunzitsa pakhonde lina la kubwalo la malonda. Khonde m'chinenero cha Agriki ndilo "stoa". Chotero Astoiki ndiko kunena anthu a pakhonde. Patapita zaka zambiri panauka Epictetus, amene anali kapolo ku Rome, wopunduka mwendo. Ndiponso Marcus Aurelius, mfumu ya Aroma kuyambira 161 kufikira 180, masiku a nkhondo ndi mliri waukulu. Kapolo ndi mfumu anagwira mau amodzi, akuti zinthu zina ziri m'manja mwathu, zina siziri m'manja mwathu. Ndipo wanzeru athera mphamvu zake pa zoyambazo, nalandira zinazo ndi mtima wofatsa.

Tsono tiyang'ane kwathu kuno. Nyanja yathu njosazama, ndiponso iribe mtsinje wotulutsa madzi. Imwa kwa mvula ndi kwa mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe. Mvula ikachepa zaka zotsatana, dzuwa litenga madzi koposa amene mitsinje ibweza. Motero inaphwa m'chaka cha 1968, ndiponso 1995, ndiponso 2018. Mabwato a ku Kachulu anagona pamatope ong'aluka. Matemba, makumba ndi milamba zinasowa, ndipo njala inalowa m'nyumba za asodzi.

Pa nthawi yotere munthu wina atukwana mitambo, namwera ukonde wake mowa, kapena afunafuna nkhalamba yoti ainamizire kuti yamanga mvula. Kodi apindulanji? Mvula siiri m'manja mwake, siirinso m'manja mwa nkhalambayo. Iye wataya madzi a m'nyanja, nataya mtendere wa m'mudzi pamodzi.

Koma tisayese kuti anthu a pakhonde anaphunzitsa kupinda manja. Mbiri ya 1995 itionetsa njira ina. Pamene nyanja inaphwa, nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ndi m'matsiriro mwake. Mafumu ndi anthu a m'midzi anapangana ndi a Boma oyang'anira za nsomba kuti asaphe nsombazo ndi katupe kapena makoka, ngakhale ndiwo zinali zosowa. Mvula itabwera, zotsalazo zinatsikira kunyanja, niziswana. Kudzaza nyanja sikunali kwao. Kusunga mbeu kunali kwao, ndipo anachita chimenecho. Akulu anati, sunga khosi, mkanda uoneka.

Astoiki anali ndi mwambo winanso, wakuti pa tsiku la mtendere munthu aziganiziratu tsoka limene lingadze, kuti likafika lisampeze wodzidzimuka. Ife tidziwa kuti nyanja imene inaphwa katatu pamaso pa akulu amene ali ndi moyo idzaphwanso. Chifukwa chake, m'zaka za madzi ambiri, msodzi asataye munda wake wa mpunga, asunge pang'ono pa ndalama za matemba, asaphe tiana ta nsomba ndi ukonde wa udzudzu, ndipo tonse tileke kudula mitengo ya m'mbali mwa mitsinje.

Tivomereza kuti anthu a pakhonde sanadziwe zonse. Iwo analimbika mtima popanda chiyembekezo cha kuuka kwa akufa chimene Paulo analalikira ku Athens. Ndiponso Mkristu safunsidwa kubisa misozi yake, kapena kuumira mtima mbale wake wanjala. Koma ngati kapolo wosamva Uthenga Wabwino anatha kusiyanitsa gawo lake ndi gawo la Mlengi, nanga ife obatizidwa tiwiringula bwanji? Abale, mvula tiipemphe kwa Mwini wake. Koma maiwe, mitengo ndi malirime athu tizisunge ife eni.