Kalondolondo wa Chuma ndi Ntchito za Nyumba ya Malamulo pa Nthawi ya Covid-19

Pa 20 Marichi 2020 boma lidalengeza kuti dziko la Malawi lili pa ngozi, ndipo odwala oyamba a Covid-19 adapezeka pa 2 Epulo chaka chomwecho. Mliriwu sudaimitse malamulo oyendetsera chuma cha boma, ngakhale ku Nyumba ya Malamulo komwe.

Kayendetsedwe ka Nyumbayi kali m'manja mwa bungwe la Parliamentary Service Commission, lomwe wapampando wake ndi Sipikala. Pa nthawi ya mliri, udindowu udali ndi Mayi Catherine Gotani Hara. Kalaliki wa Nyumba ya Malamulo ndiye amayankha pa ndalama zomwe Nyumbayi yapatsidwa mu bajeti.

Malinga ndi ndime 184 ya malamulo aakulu a dziko lino, mabuku a chuma cha boma amafufuzidwa ndi Auditor General. Malipoti ake amaunikidwa ndi komiti ya aphungu yoona za chuma cha boma, ya PAC, yomwe imaitana akuluakulu a maunduna ndi makhonsolo kuti adzafotokoze.

Mu Epulo 2021, kafukufuku wa K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi mliri adaonetsa kuti ndalama zina zidathera m'maalawansi osayenera ndi kugula katundu mosatsata malamulo. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Dr Lazarus Chakwera, adachotsa nduna ya zantchito.

Alimi a nzimbe, asodzi ndi amalonda a ku Dwangwa akukumbutsidwa kuti ndalamazi zimachokera ku misonkho yawo. Lamulo la Access to Information, lomwe lidayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020, likuwapatsa mphamvu yofunsa Khonsolo ya Nkhotakota momwe chuma cha boma chagwiritsidwira ntchito.