Mlandu wa mpira umakathera kuti? FAM, CAS ndi makhoti athu

Timu ikangolandidwa mapointi, m'magulupu a WhatsApp kuno ku Mtakataka simulephera kutuluka wina wonena kuti "tikaonana kukhoti". Ndiye ndati ndilongosoleko, chifukwa mpira uli ndi mabwalo akeake.

Malamulo a FIFA amaletsa mamembala ake kutengera mikangano ya mpira kumakhoti a boma. FAM ndi membala, choncho lamuloli limamanganso matimu a Super League ngati Dedza Dynamos, mpaka a m'maligi a m'zigawo.

Dandaulo limayambira kukomiti yosungitsa mwambo. Simunakhutire, mumachita apilo m'bungwe momwemo. Pamwamba penipeni pali CAS, bwalo la milandu ya zamasewera lomwe lidakhazikitsidwa mu 1984 ku Lausanne, Switzerland. Pa zigamulo za FIFA muli ndi masiku 21 okha oti mukadandaule kumeneko. Koma za penate imene refu wakana, iwalani. Zimenezo zimathera pagalaundi.

Chigamulo cha CAS chimatsutsidwa kukhoti lalikulu la Switzerland, pa zifukwa zochepa kwambiri. Wothamanga wa ku South Africa, Caster Semenya, adagonja ku CAS mu 2019, n'kugonjanso kukhotilo mu 2020. Mu 2025 khoti la ufulu wa anthu la ku Ulaya lidati mlandu wake sudamvedwe mwachilungamo ku Switzerland.

Nanga makhoti athu alibe mphamvu? Ali nayo ndithu. Gawo 41 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa aliyense ufulu wopita kukhoti. Vuto ndi chilango chochokera ku FIFA. Ku Zambia mu 2020 khoti lidaimitsa zisankho za FAZ, FIFA n'kuopseza kuti ichotsa dzikolo m'mipikisano. Zisankhozo zidachitika mu 2021.

Pali nkhani zina zomwe lamulo la FIFA silitchinga. Kumenya refu kapena kuba ndalama za pageti ndi mlandu wapolisi. Pa malipiro, FIFA yomwe imalola osewera kapena kochi kupita kukhoti.

Mabonanza athu a ku Golomoti ndi ku Mua, ngati sadalembetsedwe ku FAM, alibe makwerero onsewa. Langizo langa ndi ili: mpira usanayambe, gwirizanani wodzaweruza madandaulo, mulembe papepala, makaputeni asaine. Mukadikira tsiku la fainolo, wokuwa kwambiri ndi amene adzatenge chikho.