Kuyeza chikomokere cha mwana wosadziwa kuyankhula

Mu 1974, madokotala awiri opanga opaleshoni ya ubongo ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anatulutsa muyeso wa momwe munthu wakomokera. Vuto lawo linali lapafupi kumva. Namwino wa usiku ankalemba kuti wodwala "akusinza", wa m'mawa n'kulemba kuti "wakomoka pang'ono", ndipo palibe ankadziwa ngati munthuyo akuchira kapena akupita. Glasgow Coma Scale inapatsa onse chiyankhulo chimodzi: kodi akutsegula maso, akuyankha, akusuntha thupi? Lero malikisi ake amayambira pa 3 kulekezera pa 15.

Koma muyesowu anaupangira akuluakulu. Umafuna kuti wodwala anene dzina lake, malo amene ali, mwezi umene tili. Umafuna kuti amvere ukamuuza kuti "finyani dzanja langa". Ndiye tangoganizani mwana wa chaka chimodzi ndi theka. Ngakhale ali bwinobwino, mwezi angaudziwe? Mlendo wovala zoyera akamulamula, iye amangobisa nkhope pachifuwa cha amake basi.

Yankho linachokera ku Gulupu kwathu konkuno. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi Dr Borgstein ankasamalira ana odwala malungo a mu ubongo pachipatala cha Queen Elizabeth. Mu 1989 anafalitsa zimene anapeza pa ana 131 okomoka, ndipo muyeso wawo umatchedwa Blantyre Coma Scale mpaka pano. (Chimandiseketsa n'chakuti Blantyre wathuyu anatengera dzina kwa Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa Livingstone, kufupi ndi Glasgow komweko.)

Malikisi ake ndi 0 mpaka 5. Namwino amadinikiza pachikhadabo kapena pafupa la pachifuwa. Mwana akafikitsa dzanja pomwe pakupweteka kuti akankhe, ndi 2. Akangothawitsa chiwalo, 1. Akangoti zii, 0. Kulira nakonso: kulira kwenikweni kwa mwana womva ululu ndi 2, kubuula kapena kulira kwachilendo ndi 1. Chotsiriza ndi maso, ndipo ineyo pamenepa ndi pamene ndimapakonda. Funso lake ndi loti, kodi mwana akutsatira ndi maso nkhope ya mayi ake? Akatsatira, 1. Anthuwa anazindikira kuti mwana sayankha mlendo, koma amake amawafunafuna. Zonse pamodzi zikafika 2 kapena kutsika apo, mwanayo wakomoka kwambiri.

Ena angaganize kuti nambala yatenga malo a nzeru za namwino. Ine ndikuona mosiyana. Kusiyanitsa kulira ndi kubuula kumafuna khutu lomwe lamva ana ambiri. Komanso nambala imodzi payokha sinena zambiri. Chofunika ndi kuona kuti 4 wa madzulo uja wasanduka 2 pakati pa usiku, ndipo woona zimenezo ndi amene ali pa shifiti, osati dokotala wodzazungulira m'mawa. Nambala ikatsika, mafunso ndi a namwino yemweyo. Shuga wam'magazi watsika? Mwanayu wangochoka kumene mu linjirinjiri? Kapena linjirinjirilo likupitirira mwakabisira, longooneka pa chikope kapena pakona ya mlomo?

Gulu lomweli la ku Blantyre linadzaonetsanso malire a muyeso wawo. Mu 2004, Taylor ndi anzake atapima matupi a ana omwe ankaganiziridwa kuti anamwalira ndi malungo a mu ubongo, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anafa ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimodi m'magazi, chikomokere chinalipodi, koma chowapha chinali china. Chimene chinathandiza kusiyanitsa chinali kuyang'ana mkati mwa diso, ku retina, komwe malungo a mu ubongo amasiya zizindikiro zake, ntchito yomwe dokotala wa maso Susan Lewallen anaiyamba pa ana a ku Malawi omwewa.